Nambala Naini Anachita Dala

Evah atagwa kachitatu anagwera pa mpopi, ali pamzere wa madzi. Anali atakhalira chigubu chake nthawi yaitali, ndipo atadzuka kuti atunge anangofwafwanika pansi ngati chitenje chothothoka pa chingwe. Amayi awiri a mumsewu mwawo mu Sakubva, dera la mumzinda wa Mutare, anamugwiriza mpaka kunyumba, kumene anapeza mwamuna wake, Laison Chikaonda, atamasula pampu ya munthu pakhonde, manja ali bii ndi girizi.

Bala la pachipumi silinali lalikulu. Chimene chinamuimitsa mutu Laison chinali nkhope ya mkazi wakeyo. Magazi ankachucha, amayi aja ankalankhula onse pakamodzi, koma Evah anali phee, maso ofewa, ngati munthu amene amutsitsa basi asanafike kumene amapita. Nkhope yotere Laison anali ataiona kale pagalasi, zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu zapitazo. Anasamba m'manja, n'kumupukuta balalo.

Lachinayi lotsatira anapita naye kuchipatala. Anawalandira dokotala wachitsikana, dzina lake Nyengeterai, amene pambali pa ntchito ankachitanso kafukufuku wa maphunziro ake pa nkhani ya okalamba amene amagwagwa. Anamuyeza Evah BP atagona, anamuyezanso ataimirira, kenako anafotokoza m'Chishona chodekha kuti shuga yafooketsa mitsempha. Amayi akadzuka msanga, magazi amatsalira kumiyendo, mutu n'kukhala wopanda kanthu kwa kamphindi. Anasintha mapiritsi, koma anati mankhwala enieni ali m'thupi momwemo: asanadzuke azipingasa miyendo, azilimbitsa ntchafu ndi matako, azikoka mimba, kuti magazi akankhidwire m'mwamba.

Dokotalayo akusonyeza zimenezi, anamva kaphokoso kumbali. Atacheuka anaona bambo wachikulire uja atauma pampando, zidendene zitakanikiza simenti, mitsempha ya m'khosi itatukuka, akutulutsa mpweya mwachidule n'kuukokanso, kuwerenga katatu, kuutulutsanso. Laison mwiniwake sanadziwe kuti wayamba liti. Thupi linangokumbukira lokha.

"Kupuma kumeneko amayi sikuwayenera, n'kwa oyendetsa ndege zankhondo," anatero Nyengeterai. "Baba, inu munakuphunzira kuti?"

Laison anayankha kuti kalekale anakhalako kwa asilikali a ndege, ndipo kunja anapitako. Mtsikanayo anafunsa chaka ndi dziko. Atamuuza, analemba pakona ya pepala, n'kumuyang'ana kwa nthawi yaitaliko kuposa mmene dokotala amayang'anira munthu woperekeza wodwala.

Nkhani imene anthu onse ankaidziwa inali iyi. Laison anabadwira ku Imbeza, kufupi ndi Mutare, kumene bambo ake, ochokera ku Dedza, ankacheka matabwa. Anali wanzeru pa masamu, ndipo dziko litangolandira ufulu analowa gulu la asilikali a ndege. Anaphunzira ku Gweru, anaulutsa kandege kakang'ono yekha, kenako mu 1984 anamutumiza kutsidya kwa nyanja pamodzi ndi anzake asanu. Patatha miyezi isanu ndi iwiri anabwerako yekha. Aliyense wofunsa ankamuuza kuti anamubweza chifukwa cha mapepala, poti makolo ake anali a ku Malawi. Palibe anatsutsa, chifukwa zoterezi zinkachitikadi kwa anthu ambiri. Anakapeza ntchito ya umakaniko pa famu ya fodya kufupi ndi Odzi, ndipo kumeneko n'kumene anakwatira Evah, mwana wa kapitawo wa m'mabalani. Famuyo itagawidwa mu 2002 anakwera lole ndi bedi, njinga ndi mwana wawo Rumbi, n'kudzayamba moyo wina mu Sakubva.

Nkhani imene ankaidziwa yekha inali ina. Kunjako kunali chipinda chachikulu chozungulira, chopakidwa utoto woyera, ndipo pakati pake panali mkono wachitsulo wautali kuposa basi. Kumapeto kwa mkonowo kunali kabokosi kokhala ndi mpando. Ankakumangirira mmenemo, kukumata timawaya pachifuwa, kutseka chitseko, kenako mkonowo unkayamba kuzungulira. Unkathamangirathamangira mpaka thupi lako litalemera kanayi, kasanu, monga limalemerera ndege ikamakhota mwaliwiro. Masaya ankalendewera, manja ankakhala ngati matumba a mchenga. Kutsogolo kunali timagetsi, ndipo ta m'mbali tinkayamba kuzimirira, dziko n'kumachepa ngati ukuliyang'anira m'paipi. Ntchito yako inali yofinya miyendo ndi mimba kuti magazi asathawe m'mutu. Madokotala ankakuonera pa kanema, akulemba.

Sabata imene inafika nthawi yake yolowa m'kabokosiko, Laison anali atalandira kalata yoti mayi ake anamwalira ndipo anaikidwa kale.

Masiku otsatira ulendo wa kuchipatala uja, Laison ankamukumbutsa Evah za kupingasa miyendo. Iye ankavomera, koma ankachita mwamwambo chabe, miyendo ili lende. Tsiku lina masana, dzuwa litapendeka pang'ono, Laison anabwerako msanga kogula mabawuti. Podutsa pawindo la kuchipinda anaona mkazi wake atanjuta pafupi ndi bedi, mutu atazolika. Anakhala choncho nthawi ndithu. Kenako anadzuka kamodzin'kamodzi, maso atatseka, manja atatambasula pang'ono ngati wofuna kulandira mwana, n'kugwera chagada pa matiresi amene anali atayalapo mapilo.

Laison anaima pawindopo, kathumba ka mabawuti kali m'manja, akuwerenga mumtima. Atafika khumi ndi zinayi, Evah anatsegula maso, nkhope ili yomweija. Laison anabwerera kumsewu mwakachetechete, anazungulira mpaka kumsika, n'kubwera pakhomo akutsokomola kuti amveke.

Pa tsiku lobwereranso kuchipatala, Nyengeterai anamaliza kuyeza, anatseka chitseko, n'kutulutsa mapepala asanu ndi atatu omangidwa pakona. Anati limenelo ndi lipoti la kafukufuku limene linatuluka m'magazini ya madokotala a zandege mu 1986, ndipo iye analiwerenga koyamba ali chaka chachinayi ku yunivesite. Anafotokoza kuti malipoti amaberekana ngati anthu. Wina akalemba zimene wapeza, mnzake amaziwerenga, kuzitchula m'lipoti lake, kuwonjezerapo, ndipo wachitatu amatsamira pa awiriwo. Lipoti ili analitchula anthu oposa mazana anayi. Oyamba anali a zandege okhaokha, osoka zovala zofinya miyendo ndi ophunzitsa asilikali. Kenako anabwera madokotala a mtima, ofufuza za anthu okomoka akaona magazi, ofufuza za maloto, mpaka osamalira nkhalamba. Zimene anawaphunzitsa amayi zija, mukazitsata m'mbuyo ngati mtsinje, kasupe wina ali m'mapepala amenewa.

Anatsegula tsamba lachisanu. Mayina munalibe, munali manambala. Anaika chala pa mzere wachisanu ndi chinayi n'kuwerenga pang'onopang'ono, akumasulira. Nambala naini, wa zaka makumi awiri ndi ziwiri, wochokera kummwera kwa Africa, anakomoka maulendo onse atatu. Ulendo woyamba anachoka masekondi khumi ndi awiri. Atatsitsimuka analankhula chilankhulo chimene panalibe wochimva, ndipo pambuyo pake ananena kuti anali m'nkhalango ya paini, akutsatira mayi wosenza timatabwa.

Mawuwo asanathe, Laison anali atafika kale kumeneko. Njira yofiira ya ku Imbeza inali yonyowa, singano za paini zikuterera kuphazi. Utuchi unkanunkhira kuchokera kumacheka, ndipo nkhungu inkayenda pakati pa mitengo ngati ng'ombe zoyera zosafulumira. Mayi ake anali patsogolo, mtolo pamutu, zidendene zong'aluka zikuonekera ndi kubisika pansi pa chitenje. Sanacheuke. Anangoti afulumire, mvula ikubwera. Munali mtendere wochuluka moti ngakhale phazi lake silinkamveka kulemera. Ankaganiza kuti anayenda nawo tsiku lathunthu, koma madokotala anati masekondi khumi ndi awiri.

"Ndine ameneyo," anatero.

Evah anatembenuka n'kumuyang'ana. Nyengeterai anapitiriza mwaulemu kuti lipotilo likuti ulendo wachitatu nambala naini anafinya ndi mphamvu zake zonse monga anamuphunzitsira, koma anakomokabe msanga kuposa poyamba. Olembawo anati ichi chikusonyeza kuti pali anthu ena amene thupi lawo silingaphunzitsike, ndipo ndime imeneyo ndi imene ena ambiri amaitchula.

Laison anapukuta zikhatho pa mawondo. Analankhula m'Chichewa, akuyang'ana mkazi wake, ndipo dokotalayo anangotolako apo ndi apo.

"Mai a Rumbi, sanandibweze chifukwa cha mapepala. Ulendo woyamba ndinakomokadi. Wachiwirinso ndinakomokadi, ndipo ndinawapezanso amayi panjira yomweyo, atayamba kutembenuza khosi. Ndinangoona khutu ndi tsaya, basi azungu aja n'kundidzutsa. Ndiye ulendo wachitatu ndinakwinya nkhope, ndinapuma monga amafunira, koma miyendo ndinaileka dala. Ndinkafuna ndione nkhope yawo."

Evah anafunsa motsitsa mawu ngati anaiona.

"Ayi. Ndinaona mzere wa makapu a tiyi pa tebulo la kukantini. Makapu okhaokha. Kumeneko munthu suchita kudziitana."

Laison anabwereza nkhaniyo m'Chishona kuti Nyengeterai amve bwino. Kenako anafunsa chimene chinali chitayamba kumulemera kuyambira pamene anamva za anthu mazana anayi aja: kodi pali anyamata amene anawachotsa pa ndege chifukwa cha bodza lake? Mtsikanayo sanafulumire kumutonthoza. Anati sangadziwe. Anati nyumba ya maphunziro siima pa mzati umodzi, ndipo ena anayezanso anthu ambirimbiri pambuyo pake, koma n'zoona kuti mzere wakewo unayenda mtunda wautali. Anapempha chilolezo choti alembere kalata akonzi a magaziniyo, ndipo Laison anavomera, n'kunena kuti alembemo dzina lake lonse, osati nambala.

Potuluka sanakwere kombi, minibasi ya kumeneko. Anayenda pang'onopang'ono pansi pa mitengo ya jakaranda imene inali itayamba kuthothola maluwa, Evah atagwira chigongono cha mwamuna wake. Laison ankayembekezera mafunso okhudza bodza la zaka zonsezo, koma mkaziyo anangoyenda mpaka pafupi ndi njanji. Pamenepo anaima n'kunena kuti akudziwa kuti tsiku lija anamuona pawindo, chifukwa chithunzithunzi chake chinadutsa pakhoma.

Ndiye anamuuza. Akagwa, amapezeka ali pa famu ku Odzi, kuseri kwa mabalani, nthawi yokolola. Fodya akununkhira, moto ukulirima m'ng'anjo, ndipo Audrey wakhala pa mulu wa ziguduli akuseweretsa chingwe chomangira masamba. Audrey anali mwana wawo woyamba, amene anamwalira ndi malungo ali ndi zaka zinayi, Rumbi asanabadwe. Mu Sakubva palibe ankadziwa za iye, n'chifukwa chake onse ankati Mai Rumbi. Koma kumalotoko amayi osankha fodya amamuitana kuti Mai Audrey, ndipo mwanayo amadzutsa mutu akamva dzinalo. Evah anati zaka makumi awiri sanapiteko kumanda, sadziwa ngati analimapo chimanga, ndipo njira yokhayo imene anaipeza ndi imeneyi.

Laison sanamudzudzule. Anangoti tsiku lina adzagwera pa mbaula kapena pamsewu, ndipo mwina kumeneko adzangopezako makapu. Kenako anati Loweruka apite ku Odzi ndi miyendo yawo.

Anapitadi. Kombi inawatsitsa pamphambano, ndipo anayenda makilomita atatu, akupuma pamithunzi. Famuyo inali itasanduka minda ing'onoing'ono, uliwonse ndi nyumba yake, mbuzi zake ndi kabalani kake ka njerwa zosawotcha. Mabalani akale anali atatsala makoma okha, mitengo ya mikuyu itamera m'kati. Komboni kumene ankakhala kunalibe ngakhale chipupa. Evah anazungulirazungulira, osadziwa kolowera, mpaka anazindikira thanthwe lina lokhala ngati msana wa ng'ombe limene ankayanikapo zovala.

Mwini wa munda wa pamenepo anali bambo wina wamfupi, dzina lake Taurai, amene anabwera kuchokera ku Marange chaka chimene iwo ankachoka. Poyamba anawayang'ana mokayikira, poganiza kuti abwera ndi nkhani ya malo. Atamva chimene afuna anavula chipewa, n'kuwatsogolera kudutsa m'mizere ya fodya wongowokedwa kumene. Kumapeto kwa munda kunali kachigawo kosalimidwa, udzu utasengedwa bwino, ndi timilu ta miyala khumi ndi tiwiri kapena kuposerapo. Taurai anati sadziwa amene anagona pamenepo, koma khasu lake silinafikepo, ndipo chaka chilichonse mvula isanagwe amadzasengapo udzu, chifukwa munthu sungadye chimanga cha pamutu pa ana a eni.

Evah anaupeza mulu wa Audrey mosavuta. Unali wachitatu kuchokera pa mtengo wa muwanga, ndipo chitsulo cha pulawo chimene Laison anazikapo chinali chikadalipo, chitadyeka ndi dzimbiri. Anagwada, anazula timaudzu tiwiri titatu, anakonza miyala imene inagubuduka. Analankhula motsitsa kwa nthawi yaitali, kumuuza mwanayo za mng'ono wake Rumbi amene ali ku Harare ndi ana awiri, za nyumba ya ku Sakubva, za shuga. Amuna awiriwo anaima patali akukambirana za mvula ndi za pampu ya Taurai imene inkakoka mpweya m'malo mwa madzi.

Atamaliza, Evah anakhala kaye pa mwala. Laison anamuona akupingasa miyendo, akulimbitsa thupi mpaka milomo kunjenjemera, kenako akudzuka pang'onopang'ono. Anaima nji. Anayang'ana munda, mabalani ogumuka, mapiri akutali, n'kunena kuti malowa ndi aang'ono kusiyana ndi mmene amawaonera. Mkazi wa Taurai anawapatsa madzi ndi mazira owiritsa, ndipo powaperekeza anafunsa kuti awatchule ndani. Evah anayankha kuti Mai Audrey. Laison anasiya nambala yake ya foni, n'kulonjeza kubwera ndi zipangizo kudzaona pampu ija.

Kalata ya Nyengeterai inayankhidwa patatha miyezi isanu. Akonziwo anati amene analemba lipotilo anamwalira, ndipo sangasinthe manambala chifukwa cha zimene munthu mmodzi wakumbukira patapita zaka zambiri chonchi, koma adzasindikiza kalatayo monga ilili, kuti wowerenga lipotilo aziipezanso. Mtsikanayo anawonjezera funso limodzi pa fomu ya kafukufuku wake, lofunsa okalamba chimene amaona akakomoka. Ambiri anati mdima basi. Asanu ndi mmodzi anayamba ayang'ana kaye kuchitseko, kenako n'kufotokoza. Evah anagwanso kamodzi chaka chimenecho, mu Disembala, koma kunali kuterereka pa matope.

Zonsezo zinabwera pambuyo. Tsiku la ku Odzi lija, pobwerera, anapeza malo kutsogolo kwa kombi, pafupi ndi dalaivala. Galimoto inakwera chitunda cha Christmas Pass ikubuula, ndipo itafika pamwamba, Mutare yense anaonekera pansi, madenga akunyezimira, utsi wa ku mafakitale utagona chammbali, mapiri a ku Mozambique ali buluu kumapeto. Makutu a Evah anatsekeka, ndipo anameza malovu kuti atseguke. Kenako anati pa zaka zonse zimene akhala limodzi sanamufunsepo kuti kumwamba kumaoneka bwanji, poopa kumukhumudwitsa.

Laison anaganiza kaye kombi ikutsika m'makhotamo. Anati chimene amakumbukira kwambiri si mitambo ayi. Tsiku limene anauluka yekha koyamba ku Gweru kunali m'mawa, ndipo pansi panali ng'ombe zikupita kudibi. Ng'ombezo sankaziona bwino, zinali timadontho chabe, koma zithunzithunzi zake zinali zazitali, zathunthu, nyanga ndi miyendo yomwe, zikuyenda chogona pa udzu. Anazungulira kawiri kuti azionenso, mpaka mphunzitsi wake anamukalipira pa wailesi.

Evah anafunsa kuti zinali ng'ombe zingati. Iye anati sanawerenge, mwina makumi atatu. Dalaivala, amene ankamvetsera ngakhale Chichewa ankachimva mwa apo ndi apo, anafunsa ngati sekuru, kutanthauza agogowo, anayendetsapodi ndege. Laison anavomera, ndipo anayambiranso nkhaniyo m'Chishona kuti nayenso amve.